Galimoto ya Banja ndi Mafuta Ochokera ku Nzimbe

 Tiyeni tikambirane nkhani imene imakhudza thumba la banja lililonse lokhala ndi galimoto, ngakhalenso la amene amangokwera minibasi.

Ndiyambe ndi funso. Ndani mwa inu amene anathirapo ethanol m'galimoto yake? Ndikuona manja owerengeka. Ndifunse mwa njira ina. Ndani anathirapo petulo pamalo omwetsera mafuta m'dziko muno? Pafupifupi nonse. Ndiye kuti nonsenu munathirapo ethanol, chifukwa petulo wa m'Malawi muno wakhala akusakanizidwa ndi ethanol kuyambira m'chaka cha 1982. Sienta imene imapititsa ana anu kusukulu, Probox imene imanyamula matumba a chimanga kuchokera kumudzi, zonsezi zakhala zikumwa madzi a nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo eni ake osadziwa.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, ethanol ndi chiyani, ndipo analowa bwanji m'thanki mwanu. Yachiwiri, amachita chiyani akafika mu injini. Yachitatu, masamu a m'thumba. Yachinayi, zimene dziko la Brazil linaphunzira movutikira, ndi zimene ife tiyenera kufunsa tisanatsate mapazi awo.

Mfundo yoyamba. Ethanol ndi mowa. Ndikunena mosapsatira mawu: chinthu chimene chimaledzeretsa mu kachasu ndi chomwecho chimene tikukamba pano. Mayi wotcheza kachasu amaviika gaga ndi shuga, n'kuzisiya masiku angapo kuti zisase, kenako amaziteleka pamoto, nthunzi n'kudutsa mumpope wozizira, n'kumadontha m'botolo. Fakitale imachita zomwezo m'miphika ikuluikulu yachitsulo. M'malo mwa gaga imagwiritsa ntchito molasisi, madzi akuda onata aja amene amatsala shuga akachotsedwa m'madzi a nzimbe. Yisiti imadya shuga wotsalira m'molasisimo n'kumusandutsa mowa, ndipo mowawo amautcheza. Kutcheza kukafika pamapeto pake kumapereka mowa wa pafupifupi 96 peresenti. Madzi otsalawo amawachotsanso ndi makina ena, chifukwa ethanol woti asakanizidwe ndi petulo amayenera kukhala wouma, wopanda madzi. Sungani mawu amenewa, madzi, chifukwa tibwereranso kwa iwo. Ndipo achinyamata muli kumbuyoko mundimve bwino: ethanol wa galimoto si chakumwa. Amamuthira zinthu zoti munthu asamwe, ndipo akakumana ndi petulo ndi poizoni weniweni.

Nanga n'chifukwa chiyani dziko laling'ono ngati lathu linayamba msanga chonchi? Mitengo ya mafuta padziko lonse inakwera koopsa mu 1973, inakweranso mu 1979. Pa nthawi yomweyo nkhondo ya ku Mozambique inali kusokoneza njanji zopita ku madoko a Beira ndi Nacala, kumene mafuta athu ankadzera. Dziko lopanda doko, lopanda chitsime cha mafuta, koma lokhala ndi nzimbe, linayang'ana zimene linali nazo m'manja. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Motero mu 1982 fakitale ya Ethanol Company, imene ambiri timaitcha ETHCO, inayamba ntchito ku Dwangwa m'boma la Nkhotakota. Mu 2004 kunabwera ina, PressCane, ku Chikwawa, yodalira molasisi wa ku Nchalo. Anzathu a ku Zimbabwe anatitsogolera pang'ono ndi fakitale yawo ya ku Triangle mu 1980. Koma taganizani: dziko la Britain, kumene ena mwa ana anu akugwira ntchito, linayamba kugulitsa petulo wokhala ndi 10 peresenti ya ethanol ngati petulo wa tsiku ndi tsiku mu 2021. Pa nkhani iyi Amalawi sitili kumbuyo kwa mzere.

Muzimva anthu akunena E10, E20, E85. Musachite nazo mantha. Nambalayo ikungonena malita a ethanol pa malita 100 alionse a mafutawo. E10 ndi malita 10 a ethanol ndi 90 a petulo. E85 ndi malita mpaka 85 a ethanol. Kuno kwathu malamulo amafuna kuti msakanizo ufike 20 peresenti, koma nthawi zambiri umachepera pamenepo chifukwa ethanol sapezeka wokwanira chaka chonse. Nzimbe zimagayidwa m'miyezi yachilimwe, ndipo molasisi akatha, fakitale imakhala ikudikira.

Mfundo yachiwiri, ndipo apa ndichedwapo, chifukwa ndi pamene pagona mantha a anthu ambiri. Kodi ethanol amawononga injini? Yankho lake limadalira zinthu ziwiri: ethanol wochuluka bwanji, m'galimoto yotani.

Ndiyambe ndi ubwino wake. Amakaniko mumakadziwa kaphokoso kogogoda kamene injini ya petulo imachita ikamakwera chitunda itanyamula katundu. Kamachitika mafuta akaphulika nthawi yake isanakwane. Mphamvu ya mafuta yokana kuphulika msanga ndiyo imayezedwa ndi nambala ya octane, ndipo ethanol ali ndi octane wopitirira 100, kuposa petulo wamba. Kale opanga petulo ankathiramo mankhwala a mtovu pofuna kukweza octane, ndipo mtovuwo unkatuluka ndi utsi n'kumawononga ubongo wa ana okhala m'mphepete mwa misewu. Maiko a kuno ku Africa, kum'mwera kwa chipululu cha Sahara, anasiya petulo wa mtovu pofika 2006. Ethanol amagwira ntchito yomwe ija popanda kudwalitsa mwana.

Tsopano zovuta zake. Lita imodzi ya ethanol ili ndi mphamvu yocheperapo kusiyana ndi lita ya petulo, ndipo kuchepa kwake ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Kuti petulo ayake bwino amafuna magawo 14.7 a mpweya pa gawo limodzi la mafuta, tikayeza polemera. Ethanol amafuna magawo 9 okha. Tanthauzo lake n'loti pa mpweya womwewo umene injini yakoka, iyenera kulandira mafuta ochulukirapo ngati mafutawo ali ethanol. Galimoto zamakono zili ndi kachipangizo ku paipi ya utsi kamene kamanunkhiza utsiwo n'kuuza kompyuta ya galimoto kuti mafuta achepa kapena achuluka, kompyutayo n'kuwonjezera kapena kuchepetsa. Ethanol akakhala wa 10 peresenti, kompyuta imakonza zimenezi inu osadziwa n'komwe. Koma mukathira E85 m'galimoto imene sinapangidwire zimenezo, kompyuta imawonjezera mpaka pamene mphamvu zake zathera, mafuta n'kukhalabe operewera. Nyali ya injini imayaka pa dashibodi, galimoto imayamba kudukiza, ndipo injini imatha kuwonongeka mukaumirira. Galimoto yakale ya kabureta ilibe n'komwe kompyuta yoti ikonze kanthu.

Kenako pali madzi aja. Ethanol amakoka madzi, ngakhale a mumpweya. Akakoka ochepa palibe vuto, amapsera limodzi ndi mafuta. Koma madzi akachuluka, ethanol amalekana ndi petulo, n'kutsikira pansi pa thanki pamodzi ndi madziwo. Pampu ya galimoto imakoka kuchokera pansi. Ndiye kuti chimene chimafika ku injini poyamba ndi madzi osakanikirana ndi mowa, ndipo galimoto imakana kulira. Zimenezi zimachitika kwambiri m'galimoto imene yaima miyezi ingapo thanki ili pafupi kuuma, m'jenereta imene munaisunga ndi mafuta mkati, komanso m'mafuta a m'zigubu amene timagula m'mbali mwa msewu mafuta akasowa. Ndikudziwa kuti munthu amene wagona pamzere usiku wonse sasankha. Koma dziwani kuti chigubu chimene chakhala chosatseka bwino nyengo yamvula chingakubweretsereni vuto lodula kuposa mafuta amene mwagulawo. Chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Ethanol amasungunulanso zinthu. M'galimoto zakale amaumitsa ndi kung'alula mapaipi a labala, amadya zitsulo zina zofewa za m'kabureta, ndipo amatsuka zinyalala zimene zinakakamira m'thanki zaka zambiri n'kuzikankhira ku sefa ya mafuta. Choncho ngati galimoto yanu yakula, uzani makaniko wanu aziona mapaipi a mafuta nthawi iliyonse ya sevisi, ndipo sefa muzisintha msanga. Paipi yodontha petulo pafupi ndi injini yotentha ndi moto woyembekezera ola lake, ndipo m'galimoto ya banja mumakhala ana.

Pali china chimene chimatikhudza ife makamaka. Magalimoto ambiri a mabanja athu ndi akaunjika ochokera ku Japan, olowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe. Ku Japan lamulo limalola ethanol wosapitirira 3 peresenti mu petulo wamba. Sindikunena kuti Vitz kapena Honda Fit yanu ifa mawa. Zikwizikwi zayenda zaka zambiri ndi petulo wathu wosakaniza. Ndikunena kuti galimotozi sizinapangidwe poganizira E85, ndipo munthu asakunamizeni kuti poti yapirira 10 kapena 20, ipiriranso 85. Tsegulani kachitseko ka pothirira mafuta, muone ngati palembedwa kanthu. Buku la galimoto likakhala la Chijapani, funsani ogulitsa magalimoto a mtundu umenewo, muwapatse nambala ya chasisi. Safunsa anadya phula. Dziwani galimoto yanu. Ndibwerezenso: dziwani galimoto yanu. Ndipo eni magalimoto a dizilo, nkhani yonseyi si yanu. Ethanol kapena petulo wosakaniza asalowe m'thanki ya dizilo ngakhale pang'ono.

Galimoto imene inapangidwira ethanol wochuluka imatchedwa flex-fuel. Kunja n'chimodzimodzi ndi zinzake. Kusiyana kuli mkati: mapaipi ndi thanki zosadyeka, timabomba topopera mafuta totha kupereka ochulukirapo, ndi kompyuta yodziwa kuzindikira msakanizo uliwonse. Lero muthira petulo, mawa ethanol, mkuja theka ili theka ilo, iyo imangoyenda. Vuto lake limodzi ndi kuzizira, chifukwa ethanol sachedwa kukana kuyaka m'mawa wozizira ngati wa mu June ku Dedza kapena ku Mzuzu. Ku Brazil magalimoto oterewa ankakhala ndi kathanki kakang'ono ka petulo wolizira injini, ndipo atsopano amatenthetsa mafutawo asanawapopere. Galimoto wamba imatha kusinthidwa kuti ifanane ndi ya flex-fuel. Ku France boma linavomereza timabokosi tosinthira mu 2017, koma linati tiziikidwa ndi magalaja ovomerezeka okha. Kwathu kuno, cha m'ma 2007, boma linayesa Mitsubishi Pajero imene inasinthidwa ku Lilongwe Technical College, komanso galimoto ya Ford yochokera ku Brazil, ndipo zinayenda ndi ethanol pamisewu yathu yomweyi. Luso lilipo. Chimene sindikufuna n'choti aliyense wokhala ndi sipanala ayambe kulumikiza mawaya pansi pa mtengo wa mango, n'kumauza mwini galimoto kuti watha.

Mfundo yachitatu, masamu a m'thumba. Apa mawu anga ndi amodzi: werengani makilomita, osati malita.

Tiyerekeze kuti galimoto yanu imayenda makilomita 12 pa lita ya petulo. Mukaithira ethanol yekhayekha, iyenda pakati pa makilomita 8 ndi 9 pa lita. Ndiye munthu akakuuzani kuti ethanol ndi wotchipa, musamuombere m'manja msanga. Mufunseni kuti wotchipa ndi zingati. Madalaivala a ku Brazil ali ndi lamulo lawo la pamtima, loti ethanol amapindulitsa pokhapokha mtengo wake ukakhala wosapitirira 70 peresenti ya mtengo wa petulo. Kuti masamu aphweke, tinene kuti petulo ali pa K1,000 lita. Ethanol akakhala pa K650, thirani ethanol. Akakhala pa K800, nambala ya pachikwangwani ikuoneka yaing'ono, koma ulendo wa ku Lilongwe ukudyerani zambiri kusiyana ndi petulo. Ku Brazil dalaivala amaima pa pampu, n'kuyang'ana mitengo iwiriyo, n'kusankha. Mphamvu ili m'manja mwa wogula.

Pa msakanizo wochepa kusiyanaku n'kwakung'ono. E10 imachepetsa mtunda ndi pafupifupi 3 peresenti, kutanthauza kuti pamene munkayenda makilomita 100 muyenda 97. Matayala ophwa, sefa ya mpweya yodzaza fumbi, kapena phazi lolemera pa giya yolakwika zimakuberani mafuta ambiri kuposa pamenepa. Njira yodziwira zoona za galimoto yanu ndi yosavuta. Dzazani thanki, lembani makilomita, yendani, dzazaninso, kenako gawani makilomita amene mwayenda ndi malita amene alowa. Werengani makilomita, osati malita.

Masamu omwewa tiwagwiritsenso ntchito pa dziko. Malita 20 a ethanol salowa m'malo mwa malita 20 a petulo, amalowa m'malo mwa 13 kapena 14. Choncho ethanol yekha sangathetse mizere ya mafuta, ndipo dizilo amene amayendetsa malole ndi zigayo sakumukhudza. Komabe lita iliyonse ya petulo imene sitinaiitanitse ndi ndalama zakunja zimene zatsala kuti tigulire mankhwala ndi feteleza, ndipo ndalama yogulira ethanol imazungulira konkuno, mu kwacha, mpaka kufika kwa wodula nzimbe.

Mfundo yachinayi, phunziro la ku Brazil. Mu 1975 boma la kumeneko linakhazikitsa ndondomeko yotchedwa Proálcool, pofuna kuthawa mitengo ya mafuta imene ndaitchula ija. Mu 1979 kampani ya Fiat inatulutsa kagalimoto ka Fiat 147 koyendera ethanol yekha. Anthu anakhulupirira, ndipo pofika pakati pa zaka za m'ma 1980, magalimoto atsopano ambiri ogulitsidwa m'dzikomo anali a ethanol yekha. Kenako zinthu zinatembenuka. Mtengo wa petulo padziko lonse unatsika, mtengo wa shuga unakwera, boma linachepetsa thandizo lake, ndipo eni mafakitale anaona kuti phindu lili ku shuga. Mu 1989 mapampu a ethanol anayamba kuuma. Mabanja amene anagula galimoto pokhulupirira mawu a boma anapezeka pamzere, galimoto zawo zosatha kumwa china chilichonse. Anthu anakhumudwa kwambiri moti m'zaka zotsatira pafupifupi aliyense anabwerera ku petulo. Panadutsa zaka zoposa khumi. Mu 2003 kampani ya Volkswagen inatulutsa Gol ya flex-fuel, ndipo chikhulupiriro chinabwerera, chifukwa tsopano banja silinalinso kapolo wa pampu imodzi. Lero magalimoto atsopano ambiri ku Brazil ndi a mtundu umenewu, ndipo ngakhale petulo wawo wamba ali ndi ethanol wopitirira kota.

Mwaliona phunziro lake? Injini sizinalephere. Chimene chinalephera ndi lonjezo. Banja limasunga ndalama zaka zambiri kuti ligule galimoto imodzi, ndipo silingaike chuma chake pa mafuta amene akupezeka mu August koma osapezeka mu February. Choncho amene akufuna kuti Amalawi ayambe kuyendera ethanol wochuluka ayambe wayankha funso la kuchuluka kwake. Ngati lero tikuvutika kukwaniritsa 20 peresenti chaka chonse, E85 ichokera kuti?

Yankho lake ndi nzimbe zambiri, ndipo apa ndi pamene mtima wanga umagunda. Walira mvula walira matope. Nzimbe zimafuna malo achonde ndi madzi ochuluka, malo omwewo amene anthu a ku Chikwawa, Nsanje, Salima ndi Nkhotakota amalimapo chimanga, mpunga ndi mapira, ndi kudyetsapo ng'ombe. Ku Chisumbanje m'dziko la Zimbabwe, kumene kuli fakitale yaikulu ya ethanol, anthu a m'midzi akhala akudandaula za minda yawo kwa zaka zambiri. Mafumu athu muli pano, inu ndinu oyamba kufikiridwa munthu akafuna malo. Ilipo njira imene anthu amasonkhanitsa minda yawo n'kumalima nzimbe ngati gulu, malo n'kukhalabe awo, monga achitira alimi a ku Phata ndi ku Kasinthula. Njira imeneyo ili ndi zovuta zake, za ngongole ndi za kagawidwe ka phindu, koma mwini munda amakhalabe mwini munda, ndipo gawo lina la malo lingasiyidwe kuti likhale la chakudya. Ku United States ethanol amapangidwa kuchokera ku chimanga, ndipo pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chimanga chawo limapita kumeneko. Iwo ali ndi chotsala. Ife, amene chaka chikavuta timaima pamzere wa ADMARC ndi thumba m'manja, chimanga chisalowe m'thanki ya galimoto. Ubwino wa molasisi ndi woti ndi chotsalira, sichilanda nsima pakamwa pa mwana.

Palinso madzi oipa a m'fakitale. Pa lita iliyonse ya ethanol pamatsala malita khumi kapena kupitirira a madzi akuda onunkha. Akatayidwa mosasamala amaipitsa zitsime ndi kupha nsomba. Ku Brazil amawabwezera m'minda ya nzimbe mwa muyezo ngati manyowa. Fakitale iliyonse imene ikufuna kukula ionetse anthu oyandikana nayo kumene madzi amenewa adzapita isanaonjezere mphika ngakhale umodzi.

Pempho langa kwa bungwe loyang'anira za mafuta la MERA ndi kwa eni malo omwetsera mafuta ndi laling'ono, losafuna ndalama zambiri. Lembani pa pampu iliyonse msakanizo umene uli m'menemo. Ku Britain pampu iliyonse ya petulo imalembedwa E5 kapena E10, ndipo mwini galimoto yakale amadziwa yoti apewe. Ifenso tili ndi ufulu wodziwa chimene tikulipira. Kwa aphunzitsi a m'makoleji a ntchito zamanja, ndikupempha kuti mnyamata kapena mtsikana aliyense wophunzira umakaniko asatuluke asanadziwe kuyeza madzi m'petulo ndi kuwerenga zimene kompyuta ya galimoto ikunena za mafuta. Ndipo inu amakaniko muli pano, kasitomala akabwera ndi galimoto yodukiza, musanathamangire kumasula injini, tapani mafuta pang'ono kuchokera pansi pa thanki, muwaike m'botolo loyera, muwasiye akhazikike. Mukaona mzere wolekanitsa mafuta pamwamba ndi madzi pansi, tsukani thankiyo ndi kusintha sefa, ndipo mumuuze mwini wake kumene vutolo lachokera.

Ndilekeze pomwepa kuti nthawi yotsalayi ikhale ya mafunso.